Mayi amene anadzera kukhitchini kukafika ku Royal Society

Kuno ku Misesa ndili ndi mnansi, mayi wofulula thobwa lomwe amakagulitsa ku Limbe. Madzulo amaphika phala, likazizirako amathira chimera, kukacha thobwa latsekemera ngakhale sanaikemo shuga wambiri. Likagona masiku awiri kapena atatu limasasa, makasitomala n'kumangolawa n'kubweza botolo. Mwana wawo wamkazi, yemwe ali Fomu 3, anandifunsa tsiku lina chimene chimasasitsa thobwa. Mayi ake anamudula pakamwa, ati mafunso oterowo sabweretsa ufa pakhomo, ndipo chaka chamawa ayambe kuwathandiza geni. Ine ndinasiya yunivesite ndili chaka chachiwiri ndalama zitavuta, choncho nkhaniyi inandikhudza pachilonda. N'chifukwa chake lero, abale anga amalonda ndi inu ana asukulu, ndati ndikuuzeni za mayi wina wa ku Mangalande amene anathera moyo wake pa funso ngati lomweli. Dzina lawo ndi Marjory Stephenson.

Mayi Stephenson anabadwa pa 24 Januwale 1885 m'mudzi wa Burwell, kufupi ndi Cambridge. Bambo awo anali mlimi. Mu 1903 analowa koleji ya akazi ya Newnham ku Cambridge kukaphunzira sayansi, ndipo anamaliza mu 1906. Koma tamvani izi: masiku amenewo mkazi ankaloledwa kuphunzira ndi kulemba mayeso omwewo amene ankalemba amuna, koma digiri ankammana. Yunivesite ya Cambridge inadzayamba kupereka madigiri enieni kwa akazi mu 1948, chaka chimene mayiwa anamwalira.

Iwo ankafunitsitsa udokotala, koma ndalama zopitirizira maphunziro amenewo panalibe. Apa m'pamene ndimawamvetsa kwambiri. Sanakhale pansi kumalira, anapita kukaphunzitsa atsikana za kaphikidwe ndi kasamalidwe ka pakhomo ku Gloucester, kenako ku London. Kwa munthu amene ankalota zovala jasi loyera m'chipatala, ntchito imeneyo inali ngati kubwerera m'mbuyo. Komatu m'khitchini ndi momwe mkaka umasasa, mkate umafufuma, ndiwo zimavunda, ndipo zonsezi ndi sayansi.

Mu 1911 katswiri wina, Robert Plimmer, anawatenga kuti azimuthandiza kafukufuku ku University College London. Mu 1913 anapata thandizo la ndalama la Beit lochitira kafukufuku wawo. Asanapite patali, nkhondo ya 1914 inabuka, nkhondo yomwe ija imene azigogo athu anasenza nayo katundu wa mtengatenga. Mayiwa analowa gulu la Red Cross, ndipo ntchito imene anapatsidwa inali ya kukhitchini komweko: kuyang'anira zophikira asilikali ovulala m'zipatala za ku France, kenako ku Salonika m'dziko la Greece. Anapatsidwa ulemu wa MBE chifukwa cha ntchitoyo, koma zimene anaona kumeneko zinawadanitsa ndi nkhondo moyo wawo wonse.

Mu 1919, ali ndi zaka 34, anabwerera ku Cambridge kukagwira ntchito pansi pa Frederick Gowland Hopkins, mkulu amene anadzalandira mphotho ya Nobel mu 1929 chifukwa cha kafukufuku wa mavitamini. Kumeneko m'pamene anayamba za mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso tija. Nthawi imeneyo ambiri ankangofuna kudziwa kuti kachilombo aka kamayambitsa matenda anji ndipo tingakaphe bwanji. Funso la mayi Stephenson linali lina: kodi tizilomboti timadya chiyani, timachigaya bwanji, nanga timatulutsa chiyani tikadya?

Kuti timvane, ndifotokoze kaye za chinthu chotchedwa enzyme. Chamoyo chilichonse chili ndi tizida tating'onoting'ono timene timaphwanya chakudya kapena kuchisandutsa chinthu china, ndipo kachida kalikonse kali ndi ntchito yakeyake, monga mmene mpeni sungalowe m'malo mwa mthiko. Chimera cha mnansi wanga chili ndi ma-enzyme amene amaphwanya ufa wa m'phala kuusandutsa shuga, n'chifukwa chake thobwa limatsekemera. Ndiye mabakiteriya amabwera kudzadya shugayo, ma-enzyme awo n'kumusandutsa asidi. Kusasa kuja n'kumeneko. Chambiko nachonso chimapangika motero.

Vuto linali lakuti mabakiteriya akamakula mumsuzi umene amawaweteramo, zinthu zimachitika zambirimbiri nthawi imodzi moti sungadziwe chachititsa chinzake n'chiti. Mayi Stephenson ndi anzawo, Margaret Whetham ndi Juda Quastel, anakonza bwino njira yowatsuka mabakiteriyawo, kuwachotsa mumsuzi, kuwaika m'madzi oyera, kenako kuwapatsa chakudya cha mtundu umodzi basi n'kuyeza chimene chatuluka. Zili ngati kutsekera mbuzi m'khola n'kumaipatsa tsamba limodzi limodzi kuti udziwe lomwe likuitupitsa mimba. Ntchito yake njofuna kudekha, paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1928 anachita chimene chinali chisanachitikepo: anatulutsa enzyme m'thupi la bakiteriya wotchedwa E. coli, amene amakhala m'matumbo mwathu, ndipo enzyme ija inapitiriza kugwira ntchito ili payokha kunja kwa kachilomboko. Inali enzyme yogaya asidi yemwe uja wa mu mkaka wosasa. Apa zinaoneka poyera kuti moyo wa kachilombo ungathe kumasulidwa chidutswa chidutswa n'kuunikidwa, monga makaniko wa ku Ndirande amachitira ndi injini.

Nkhani ina ikhoza kuwasangalatsa amene amadutsa pamtsinje wa Mudi atatseka mphuno. Mtsinje wa Ouse, kufupi ndi Cambridge, unaipitsidwa ndi zinyalala za fakitale ya shuga, madzi n'kumachita thovu ndi kununkha. Mayiwa ndi wophunzira wawo Leonard Stickland anatenga matope a mumtsinjemo kukawayeza, ndipo mu 1931 analengeza za enzyme imene anaitcha hydrogenase, yomwe imathandiza mabakiteriya kugwiritsa ntchito mpweya wa hydrogen. Anafufuzanso mmene tizilombo tina timapangira mpweya wa methane, womwe uja umatuluka m'ndowe zikamaola, umene ena amaukola n'kumaphikira.

Chimene chingakukomereni kwambiri inu amalonda ndi ichi. Pogwira ntchito ndi Stickland komanso John Yudkin, anaonetsa kuti ma-enzyme ena kachilombo sikawapanga nthawi zonse, kamawapanga pokhapokha chakudya chofuna enzyme imeneyo chikapezeka. Ndani mwa inu amapikula maambulera mu Ogasiti? Mumadikira mitambo ya Novembala. Kachilombo nako sikataya mpamba pa katundu wopanda msika. Funso lakuti kamadziwa bwanji nthawi yoyamba ndi yoleka linadzayankhidwa ndi akatswiri a ku France, Jacques Monod ndi François Jacob, omwe analandira mphotho ya Nobel mu 1965.

Mu 1930 mayi Stephenson anatulutsa buku lotchedwa Bacterial Metabolism. Linasindikizidwanso atalikonza mu 1939 ndi mu 1949, ndipo kwa zaka zambiri aliyense wofuna kudziwa za kadyedwe ka mabakiteriya ankayambira pamenepo. Nanga yunivesite yawo inawathokoza bwanji? Udindo wa lekichala anawapatsa mu 1943, ali ndi zaka 58, atasula kale ophunzira amene anasanduka akatswiri, monga Ernest Gale. Bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society, lomwe linayamba mu 1660, linatha zaka 285 lisanasankhepo mkazi. Mu 1945 linasankha awiri oyamba, Kathleen Lonsdale ndi Marjory Stephenson. Chaka chomwecho iwo anali m'gulu la oyambitsa Society for General Microbiology, limene pulezidenti wake woyamba anali Alexander Fleming wa penisilini uja, ndipo mu 1947 mpandowo unapita kwa iwo. Kafukufuku wawo wina womaliza anali wa mabakiteriya a mu kabichi wosasitsa, kukhala ngati abwereranso kukhitchini kumene anayambira. Anamwalira ndi khansa pa 12 Disembala 1948, ali ndi zaka 63.

Tsono ndisakunamizeni. Mayiwa sanali mwana wa mmphawi ngati ana athu a ku Bangwe kapena ku Machinjiri. Kwawo kunali minda, ndipo anaphunzira sukulu zabwino. Sindikunena kuti aliyense wolimbikira adzafika pamene iwo anafika, ine ndemwe ndine umboni wakuti ena timathera panjira. Sanatulukirenso mankhwala amene mungakawapeze pa kauntala ndi dzina lawo. Ntchito yawo inali ya pansi, ngati maziko a nyumba amene mlendo sawaona. Koma pamene kolera inatigwira mu 2022 ndi 2023, tinaona tokha kuti dziko lopanda anthu odziwa khalidwe la tizilombo limangodikira alendo kuti adzaliuze chimene chili m'chitsime chake.

Chimene ndikutolapo ine n'chakuti chitseko cha udokotala chitatsekeka, mayiwa sanaleke kufunsa. Zaka za kukhitchini ndi za kunkhondo zinawachedwetsa, koma funso analisunga. Ndipo pa mphambano iliyonse panapezeka munthu, Plimmer kaya Hopkins, amene anaona kuti mkaziyu ali ndi mutu n'kumupatsa malo. Kuno kwathu munthu woyamba woteroyo ndi kholo.

Kwa inu amayi anzathu a m'misika ya Limbe, Ndirande ndi Zingwangwa, ndikudziwa kuti ufa wakwera ndipo dzanja lina pa benchi ndi lofunika. Komabe mwana akafunsa chifukwa chimene thobwa limasasira, musamutseke pakamwa. Akathandize geni Loweruka, Lolemba abwerere m'kalasi. Inu anyamata ndi atsikana amene sukulu inakuthawani ngati ine, laibulale sifunsa digiri pakhomo.

Mwana wa mnansi wanga ndinamuyankha monga ndalembera pamwambapa. Dzulo ndinamupeza ataika mabotolo awiri a thobwa, lina padzuwa, lina mumtsuko wa madzi ozizira, akuti aone lomwe liyambe kusasa. Mayi ake sanamuletse, poti nawonso akufuna kudziwa kuti katundu wawo asamaonongeke.