Mbiri ya Anne Sullivan, Mphunzitsi wa Mwana Mmodzi

Aphunzitsi ambiri amatchuka chifukwa cha kuchuluka kwa ana amene adadutsa m'manja mwawo. Anne Sullivan amakumbukiridwa chifukwa cha mwana mmodzi yekha, Helen Keller, yemwe adakhala naye zaka 49.

Anne adabadwa pa 14 Epulo 1866 ku Feeding Hills, m'chigawo cha Massachusetts ku America. Makolo ake adali amphawi ochokera ku Ireland. Ali ndi zaka zisanu adadwala nthenda ya maso yotchedwa trachoma, ndipo ankangoona mwachimbuuzi. Mayi ake atamwalira, bambo ake adalephera kulera ana, kotero mu 1876 Anne ndi mlongo wake Jimmie adatumizidwa kunyumba yosungirako anthu osauka ku Tewksbury. Patangopita miyezi yochepa, Jimmie adamwalira konko. Mu 1880 Anne adalowa sukulu ya osaona ya Perkins ku Boston asakudziwa kulemba ndi kuwerenga. Madokotala adamuchita opaleshoni yomwe idathandiza maso ake, ndipo adatsiriza maphunziro mu 1886.

Pa 3 Malichi 1887 adafika ku Tuscumbia, m'chigawo cha Alabama, kumene banja la a Keller lidamulemba ntchito yophunzitsa mwana wawo pakhomo. Helen, yemwe adali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, adasiya kuona ndi kumva ali ndi miyezi 19. Posowa njira yonenera zakukhosi, ankalusa, kumenya anthu ndi kutapa chakudya m'mbale za ena. Makolo ake ankangomulekerera chifukwa cha chisoni.

Anne, yemwe adakula movutika, adazindikira kuti ukaliwo sudali mwano chabe koma kusowa womumvetsa. Adaonanso kuti m'mera mpoyamba. Motero adapempha kuti akakhale awiriwiri m'kanyumba kapadera kwa milungu pafupifupi iwiri. Kumeneko adamuphunzitsa kumvera, kudya mwaulemu ndi kumukhulupirira.

Pomuphunzitsa mawu, Anne ankapanga zizindikiro za malembo ndi zala m'chikhatho cha Helen. Poyamba mwanayo ankangotsanzira osamvetsa kanthu. Pa 5 Epulo 1887, ali pamjigo, Anne adathira madzi padzanja limodzi la Helen uku akulemba dzina la madzi m'dzanja linalo. Pamenepo mwanayo adatulukira kuti chinthu chilichonse chili ndi dzina, ndipo pofika madzulo adali ataphunzira mawu 30. Kuyambira apo Anne ankalankhula naye m'dzanja tsiku lonse m'ziganizo zathunthu, monga momwe mayi amalankhulira ndi khanda.

Mu 1900 Helen adalowa koleji ya Radcliffe. Anne ankakhala pambali pake m'kalasi n'kumamulembera m'dzanja zonse zimene aphunzitsi ankanena, komanso kumuwerengera mabuku ngakhale maso ake ankapweteka. Mu 1904 Helen adakhala munthu woyamba wosaona ndi wosamva kulandira digiri. Anne adakalamba ali wosaona, ndipo adamwalira pa 20 Okutobala 1936 ku New York, Helen atamugwira dzanja.

Kwa ife amene tikuphunzira za chiyankhulo, mbiriyi ikutikumbutsa kuti mawu salowa mumtima wodzaza mantha ndi mkwiyo. Anne adayamba ndi kukhazika pansi mtima wa mwana, kenako maphunziro adatsatira.