Edward Nkoloso ndi Dzina la Opita ku Mwezi

Kwathu ku Kawale aliyense wogwira sipanala timamutcha injiniya, ngakhale wokonza njinga pamsika. Koma wopanga zombo zopita ku mwezi ndi wozikwera tilibe dzina lawo m'Chichewa. Kufunafuna dzinalo ndiko kunandifikitsa kwa Edward Mukuka Nkoloso wa ku Zambia.

Nkoloso anabadwa mu 1919. Anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anakhalapo mphunzitsi, ndipo anamenyera ufulu m'chipani cha UNIP. Mu 1960 anakhazikitsa sukulu ya zakuthambo, ndipo pafupi ndi Lusaka ankalowetsa ophunzira ake mumgolo n'kuwagubuduza pachitunda kuti azolowere kupepuka kwa thupi m'mlengalenga. Anapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO koma sanapatsidwe, ndipo atolankhani akunja anamuseka kwambiri.

Chombo chake sichinauluke. Chomwe ine ndimamusirira n'chakuti ophunzirawo anawapangira dzina lawolawo, Afronauts, polumikiza Africa ndi liwu lachigiriki lotanthauza wamalinyero. Anamwalira mu 1989, koma mu 2014 dzinalo linakhala mutu wa filimu yonena za maloto akewo.