Georges Lemaître, Wansembe Amene Asayansi Anamukayikira

Mwina agogo anakuuzanipo za Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, kumene amati anthu oyamba anasiya mapazi pathanthwe. Kuchalichi munamva za Adamu ndi Hava. Ndiye mwana akabwera kusukulu n'kunena kuti zonse zinayamba ndi Big Bang, inu mumangopukusa mutu. Si inu nokha. Asayansi otchuka nawonso poyamba anakana, ndipo mwini maganizowa anali wansembe wa Katolika.

Georges Lemaître anabadwa mu 1894 ku Charleroi, m'dziko la Belgium. Anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kenako mu 1923 anadzozedwa unsembe. Koma masamu sanawasiye.

Mu 1927 analemba kuti magulu a nyenyezi akutalikirana, ndiye kuti thambo lonse likufutukuka. Taganizani: mukaona ng'ombe zikubalalika m'dambo, mumadziwa kuti m'mawa zinali m'khola limodzi. Mu 1931 iye anafika pamenepo, kuti kalekale zonse zinali zopanikizana pamalo amodzi.

Albert Einstein anavomera kuti masamuwo ndi olondola, koma maganizowo anawakana. Ena ankanong'ona kuti wansembeyu akuzembetsa Baibulo n'kulilowetsa m'sayansi. Fred Hoyle wa ku England ankakhulupirira kuti thambo lilibe ciyambi, ndipo ndi iyeyo amene anatchula dzina loti Big Bang pa wailesi ya BBC mu 1949. Anamwalira mu 2001 asanagonje.

Apa ndi pamene ine ndimamupatsa ulemu Lemaître. Mu 1951 Papa Pius XII analankhula ngati sayansi yatsimikizira nkhani ya kulenga. Mukanayembekezera kuti wansembe asangalala. Ayi ndithu, sanakondwere. Kwa iye masamu amafufuza mmene zinthu zinayendera, osati amene anazipanga, ndipo cikhulupiriro sicinayenera kutsamira pa mfundo yoti mawa ikhoza kusintha.

Umboni unacedwa. Mu 1965 Arno Penzias ndi Robert Wilson a ku America analengeza kuti cipangizo cawo cikumva kaphokoso kocokera mbali zonse za kumwamba. Anali ataganizako zitosi za nkhunda, nacitsuka, koma kaphokosoko sikanathe. Kanali kamphamvu kotsalira kucokera pa kutentha kwa paciyambi.

Lemaître anamva nkhaniyi akudwala. Anamwalira ku Leuven pa 20 Juni 1966.