Msyamboza wa ku Chibanzi: Munthu Amene Anadziwa Mtengo wa Munthu

Anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuyambira ku Bowe kufikira ku Mvera, amalidziwa dzina la Chibanzi. Koma ndi owerengeka amene amakumbukira mfumu imene inakuza mudziwo. Dzina lake linali Msyamboza. Anabadwa cha m'ma 1830 namwalira m'chaka cha 1926, ndipo m'zaka zambirizo anakhalapo mlenje wa njovu, wamalonda, mwini akapolo, mlimi wa tirigu, ndi potsiriza Mkhristu. Sanali wa mpingo wathu, pakuti uthenga unamfikira kudzera mwa amishoni a Dutch Reformed. Komabe moyo wake uli ndi phunziro kwa aliyense wa ife amene dzina lake limadziwika chifukwa cha sitolo, chigayo, galimoto kapena nkhokwe.

Msyamboza anakhala m'nyengo ya mantha. Angoni a Chiwere anali atakhazikika m'mapiri a Dowa, ndipo Achewa ambiri anathawira m'malinga ndi pamwamba pa mapiri. Amene anatsala m'midzi ankapereka msonkho kwa Angoniwo. Kum'mawa, m'mbali mwa nyanja, Jumbe anali atasandutsa Nkhotakota kukhala doko lalikulu la malonda. Kumeneko zombo zinkawolotsa minyanga ndi anthu kupita kutsidya, kumene ulendo wa pansi unkayambira wolunjika ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Mnyanga wa njovu yophedwa m'tchire la kuno unkathera ku Ulaya kapena ku Amereka, nusemedwa kukhala zipeso, zigwiriro za mipeni ndi mabatani oyera a piyano. Pobwera amalondawo ankanyamula nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Munthu wokhala ndi mfuti ankapha njovu, mnyanga unkagula mfuti zina, ndipo mfuti zinkakoka anthu ofuna chitetezo. Msyamboza anazindikira msanga kayendedwe ka zinthu zimenezi. Anakhala mlenje wodziwika, nagulitsa minyanga, nasonkhanitsa anthu ambiri pansi pake, ndipo anadziwa kukhala ndi Angoni popanda kutaya mudzi wake.

Tiyenera kunena zoona za chuma chimenechi, osachikometsera. Masiku amenewo ukulu wa munthu unkawerengedwa ndi mfuti zake, minyanga yake, akazi ake ndi akapolo ake. Munthu ankagulidwa ndi mikwamba ya nsalu monga momwe mbuzi igulidwira. Msyamboza anali nawo akapolo, ndipo thukuta lawo linali gawo la kulemera kwake. Werengani Chibvumbulutso 18:11-13, pamene Yohane atchula katundu wa amalonda a Babulo. M'ndandanda umenewo muli zinthu za minyanga, muli tirigu, ndipo pamapeto penipeni muli matupi ndi miyoyo ya anthu. N'zodabwitsa kuti zitatu zonsezi zinadutsa m'manja mwa mfumu ya ku Chibanzi. Mnyanga ndi tirigu pazokha zilibe tchimo. Chimene chimaipitsa malonda a Babulo ndi kuika munthu pa mzere umodzi ndi katundu.

Tsono zaka za m'ma 1890 zinagwetsa msika wonsewo. M'chaka cha 1891 dziko lino linalowa pansi pa ulamuliro wa Britain, ndipo Harry Johnston anayamba kuthetsa malonda a akapolo ndi mfuti zake. Ufumu wa Jumbe unatha. Boma linaika malamulo pa kukhala ndi mfuti ndi pa kupha nyama, kotero kuti ulenje wa njovu sunalinso njira ya Mchewa yopezera chuma. Anthu amphamvu a nyengoyo anathera mosiyanasiyana. Mlozi wa ku Karonga anapachikidwa m'chaka cha 1895. Mwase Chibisa wa ku Kasungu, asilikali atagonjetsa mudzi wake, anadzipha yekha. Msyamboza pamenepo anali atapitirira zaka 60. Zinthu zimene zinampatsa dzina kuyambira ubwana wake zinalibenso mtengo pa msika uliwonse. Apa ndi pamene munthu amaonekera chimene ali, pakuti amene dzina lake ndi katundu wake, katunduyo akapita, iyenso wapita.

M'zaka zomwezo uthenga wabwino unafika m'mapiri muno. Andrew Charles Murray ndi T. C. B. Vlok anatsegula mishoni ya Mvera m'dziko la Chiwere m'chaka cha 1889, ndipo Robert Blake anatsegula Kongwe m'chaka cha 1894. Mafumu ambiri ankalandira amishoni monga momwe ankalandirira amalonda, kuyang'ana chimene angapindule nawo. Msyamboza analandira sukulu m'mudzi mwake, koma sanalekere pomwepo. Iye mwini analowa m'chikhulupiriro.

Taganizirani chimene ichi chinatanthauza kwa munthu wa msinkhu wake ndi ulemu wake. Pa mishoni panalibe khomo lapadera la mafumu. Wofuna ubatizo ankalowa kalasi, naphunzira nthawi yaitali pamodzi ndi anyamata, amayi amasiye ndi anthu amene dzulo lake anali akapolo, ndipo kawirikawiri wowaphunzitsa anali mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu. Mwamuna wa mitala ankayenera kutsala ndi mkazi mmodzi. Lamulo limeneli linali lolemera, makamaka kwa amayi amene ankabwezedwa kwao, ndipo kwa mfumu linali kudula mizu ya ubale ndi ya minda. Pa khomo lopapatiza limeneli ndi pamene Msyamboza anadutsa. Mtumwi Petro aphunzitsa kuti dipo lathu silinali siliva kapena golidi, koma mwazi wa Khristu (1 Petro 1:18, 19). Ife timawerenga vesi limeneli ngati fanizo. Kwa munthu amene anaonapo mnzake akuyesedwa ndi mikwamba ya nsalu, silinali fanizo ayi. Iye ankadziwa kuti mtengo wa chinthu umadziwika ndi chimene wogula walola kupereka. Ngati Mulungu anapereka Mwana wake, ndiye kuti mtengo wa mfumu ndi wa kapolo ndi umodzi, ndipo sukwera kapena kutsika ndi msika wa ku Nkhotakota. Ndi chifukwa chake Paulo anatha kupempha Filemoni kuti alandire Onesimo monga mbale (Filemoni 15, 16), ndipo iye mwini anayesa ulemu wonse wa kubadwa kwake ngati chitayiko poyerekeza ndi kudziwa Khristu (Afilipi 3:4-8).

Alipo abale amene amaganiza kuti wamalonda akatembenuka mtima ayenera kusiya nzeru zake za malonda panja pa tchalitchi, ngati nsapato zamatope. Mbiri ya Msyamboza ikutsutsa maganizo otere. Mutu umene unkawerengera za minyanga unatembenukira ku nthaka. Analima tirigu, mbeu imene sinali yozolowereka pakati pa Achewa, nagwiritsa ntchito madzi a mitsinje kuthirira minda m'chilimwe, pamene anzake ankadikira mvula. Azungu a ku mishoni ndi a ku boma ankafuna ufa wa buledi, ndipo iye anauona msika umenewo ena asanauone. Chibanzi anatchuka monga mudzi wa zakudya ndi wa sukulu. Lidiya wa ku Tiyatira, wogulitsa nsalu za mtengo wapatali, atabatizidwa anatsegula nyumba yake kwa atumiki a Mulungu, ndipo sitiwerenga kuti anatseka malonda ake (Machitidwe 16:14, 15). Mose anachenjeza Aisrayeli kuti asadzayese kuti dzanja lawo ndilo lawalemeretsa, koma m'mau omwewo anavomereza kuti mphamvu yopezera chuma ichokera kwa Yehova (Deuteronomo 8:17, 18). Kwa ine chachikulu pa Msyamboza ndi ichi: anayamba ntchito yatsopano ali nkhalamba, pa msinkhu umene ambiri amangokhala pa khonde kusimba za ulemerero wakale. Munthu amene wapeza mtengo wake mwa Khristu saopa kuyambanso pansi, pakuti kugwa kwa malonda sikunamchotsere kanthu pa chimene iye ali.

Lero palibe amene amagula munthu ndi nsalu pa msika wa Bowe kapena wa Madisi. Koma mtima wa Babulo sufuna goli kuti ugwire ntchito. Uli pa sikelo yokhotetsedwa imene igula soya ndi mtedza wa mlimi wosauka, uli m'katapila amene alanda munda wa mkazi wamasiye, uli mwa bwana amene wantchito wake amadikira malipiro miyezi itatu pamene iye akumanga nyumba yachiwiri. Werengani Levitiko 19:35, 36 ndi Yakobo 5:4. Wamalonda amene amadziyesa yekha ndi phindu lake adzayesanso ena ndi phindu limene amupatsa. Sangachitire mwina, pakuti ali ndi muyeso umodzi wokha. Ndipo nafenso mu mpingo sitili osalakwa. Timafulumira kusankha mbale wa galimoto kukhala mkulu wa mpingo, ndi kumutchula poyamba pa tsiku la zopereka za chitukuko. Malonda ake akagwa, moni wathu umazirala. Yakobo 2:1-4 analembera ife. Pochita chotero timaphunzitsa mbale wathuyo bodza lomwe lija limene dziko limamuphunzitsa masiku asanu ndi limodzi, lakuti iye ndi ndalama zake. Kodi m'kalasi mwanu mwa Sukulu ya Sabata mwini sitolo ndi mnyamata womunyamulira matumba angakhale pa benchi imodzi, wina natsutsa yankho la mnzake popanda kuopa za Lolemba?

Msyamboza anamwalira m'chaka cha 1926, chaka chomwe mipingo ya mishoni ya Nkhoma inalowa mu Church of Central Africa Presbyterian. Buku Lopatulika lathunthu la m'chinenero chathu linali litangotuluka zaka zochepa m'mbuyomo, kotero kuti munthu wobadwa David Livingstone asanaione nyanja yathu anakhala ndi moyo kufikira ana a mudzi wake anatha kudziwerengera okha Mau a Mulungu. Mbiri yake inalembedwa ndi mphunzitsi Samuel Josiah Ntara, yemwe analembanso Nthondo ndi Mbiri ya Achewa, ndipo T. Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi niituluka ku London m'chaka cha 1949 ndi mutu wakuti Headman's Enterprise. Dzina la Chibanzi lero likudziwika monga dzina la mpingo wa Sinodi ya Nkhoma.