SAMUEL JOSIA NTARA NDI MALIRE A MBIRI NDI NTHANO

Mphunzitsi wa ku Mwanza amene aima pamaso pa ana ndi kuwamasulira kusiyana kwa mbiri, nthano ndi nkhani yopeka, ali pa mlandu umene Bambo Samuel Josia Ntara anauutsa kale ndi buku lao loyamba, losindikizidwa mu 1933.

Bambo Ntara anabadwa mu 1905. Anaphunzira m'sukulu za Mishoni ya Dutch Reformed ya ku Nkhoma, nakhala mphunzitsi wa Mishoni yomweyo. Masiku amenewo bungwe la ku London lochedwa International Institute of African Languages and Cultures linali kuchititsa mpikisano wa mabuku olembedwa ndi anthu a mu Afrika m'zinenero zao. Iwo anatumizako buku la Nthondo, ndipo linapata mphotho m'chigawo cha mbiri ya moyo wa munthu.

Tsono nkhani yagona apa: Nthondoyo sanakhaleko ndi kale lomwe. Mlembi anachita kumuumba, kuyambira kubadwa kwake, kupulupudza ndi umbala wa pa unyamata wake, ulendo wake wokafuna nchito kutali, ufumu wake wa pamudzi, kutembenuka mtima, kufikira imfa. Komabe bukulo silingachedwe nthano, pakuti mulibe kalulu wolankhula kapena fisi wobvala malaya. Munthuyo ngwopeka, koma mudzi wake, milandu yake ndi miyambo yake nzenizeni, zimene Mchewa ali yense wa nthawi ija akadazizindikira. Aphunzitsi atsopano amati imeneyi ndi nkhani yopeka yaitali, ndi kuti Nthondo ndiye mpangankhani wamkulu. Maina amenewa anadza m'mbuyo. Buku ndilo linatsogola. Kunena zoona, kumapeto kwake mlembi aoneka ngati wasiya kusimba nayamba kulalikira, koma sikuiwalika kuti anali munthu wa Mishoni.

Mbusa T. Cullen Young anamasulira bukuli m'Chingerezi mu 1934, nalicha Man of Africa, ndipo mau otsogolera analemba ndi Julian Huxley.

Pa buku la Msyamboza zinthu zinatembenuka. Msyamboza anali mfumu yeniyeni ya mudzi wa Chibanzi ku Dowa, imene inamwalira mu 1926. Bambo Ntara anatola mbiri yake kwa anthu amene anaidziwa mfumuyo, koma poilemba anaika mau m'kamwa mwa anthu akale, monga achita wopeka nkhani. Chotero wowerenga afunsenso: kodi mau amene mlembi sanawamve ndi makutu ake ali mbiri? Cullen Young yemweyo analitulutsa mu 1949 pa dzina la Headman's Enterprise.

Analembanso Mbiri ya Achewa, yochokera pakamwa pa akuluakulu a m'midzi, imene W. S. Kamphandira Jere anaimasulira m'Chingerezi, nisindikizidwa mu 1973. Bambo Ntara anamwalira mu 1976.