Dr. James Emman Kwegyir Aggrey (1875–1927)

Aggrey adabadwira ku Anomabu, m'dziko la Gold Coast limene tsopano ndi Ghana, m'chaka cha 1875. Chinenero cha makolo ake chinali Chifante. Chingerezi adachiphunzira pa sukulu ya Mpingo wa Methodist ku Cape Coast, ndi m'nyumba ya Mbusa Dennis Kemp amene adamlera pamodzi ndi anyamata ena. Adachigwira msanga, kotero kuti adayamba kuphunzitsa akali mnyamata, ndipo asanakwanitse zaka 25 anali kale mphunzitsi wamkulu.

Mu 1898 adaoloka nyanja kunka ku Livingstone College, ku North Carolina. Atatsiriza maphunziro mu 1902, adadzozedwa ubusa mu Mpingo wa A.M.E. Zion, natsala pa kolejipo kuphunzitsa Chingerezi. Tangoganizani, Mfante kuongola chinenero cha ana amene adachiyamwira m'bere! Komabe mu 1917, posankha mtsogoleri wa koleji, akuluakulu adamlumpha.

Patapita zaka zitatu adaitanidwa kulowa m'bungwe la Phelps-Stokes loyendera sukulu za mu Africa. Ku Johannesburg mu 1921, mwa omvera ake munali mnyamata wa ku Kasungu, Kamuzu Banda. Pa ulendo wachiwiri, mu 1924, bungwelo lidafika ku Nyasaland.

Pambuyo pake adabwerera kwao nakhala wachiwiri kwa mkulu wa sukulu ya Achimota, kumene adaumirira kuti atsikana aphunzire pamodzi ndi anyamata. Adamwalira ku New York pa 30 July, 1927, asanatsirize kulemba buku la digiri yake ya ku Columbia.