Bingu wa Mutharika ndi nkhani ya makuponi

Ambiri a inu mukulikumbukira tsiku limene munagwira kuponi koyamba. Amene anaibweretsa, a Bingu wa Mutharika, anabadwira ku Thyolo mu 1934 ndipo anaphunzira za chuma ku India. Asanakhale mtsogoleri wa dziko lino mu 2004, anali atakhalapo mlembi wamkulu wa bungwe la zamalonda la COMESA mpaka 1997. Choncho malamulo a malonda a pakati pa maiko ankawadziwa bwino.

Mu 2005 mvula inadula chimanga chili pa ngaiyaye. Dziko lonse linakolola matani 1.2 miliyoni okha, ndipo anthu pafupifupi 5 miliyoni anafunika chakudya cha thandizo. Mabungwe otibwereketsa ndalama anali atatiuza kale kuti boma lichotse dzanja pa mtengo wa feteleza. A Bingu anawatsutsa, natapa ndalama m'thumba la boma kuti mlimi wosauka agule matumba awiri pa K950 thumba limodzi.

Komatu musaganize kuti chinali chifundo chokha. Chaka chomwecho iwo anali atatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, aphungu awo ali ochepa, pamene otsutsa boma ankakuwa kuti feteleza wotchipa apite kwa aliyense. Bajeti ikanadutsa bwanji popanda sabuside? Kuponi inalinso ndale, ndipo inawabwezera: mu 2009 anapambana ndi mavoti pafupifupi awiri mwa atatu alionse.

Boma linalengeza kuti mu 2007 tinakolola matani 3.4 miliyoni. Mvula nayo inagwa bwino, tisaiwale. Chimanga china chinagulitsidwa ku Zimbabwe, koma posakhalitsa mtengo kuno kwathu unakwera, ndipo mu 2008 boma linaletsa amalonda kugula chimanga, n'kusiyira ADMARC yokha. Apa ndi pamene ine ndimati inu a kopaletivi muzichenjera: dzanja limene linakutsitsirani feteleza ndi lomwenso linakusankhirani wokugulani ndi mtengo wake.

Vuto lina n'lakuti feteleza timamugula kunja ndi madola. Mu 2011 fodya sanayende bwino pa msika, maiko otithandiza anaimitsa ndalama zina, ndipo madola ndi mafuta a galimoto zinasowa. A Bingu anamwalira pa 5 Epulo 2012 zinthu zili choncho. Anaikidwa ku munda wawo wa Ndata, kwawo ku Thyolo.